Duwa limene tinaona ku Nyika akuti ndi chinaka

Nyagondwe (Rumphi):
Mwaswera bwanji nonse. Ndaika chithunzichi kuti wodziwa andithandize. Loweruka lapitali tinaperekeza ana a folomu 3 ku Nyika. Titadutsa pa geti la Thazima n'kukwera kulowera ku Chelinda, galimoto inatitimira m'matope, tonse n'kutsika. Anyamata akukankha, atsikana ena anandiitana kuti ndidzaone duwa ili m'kati mwa udzu. Ndi lofiirira mopita ku olenji, lili ndi timadontho, ndipo pamwamba pake pali ngati kachipewa kokhala ndi kamchira kumbuyo. Mlonda wa paki amene tinali naye anangoti, "Amayi, ichitu ndi chinaka." Ine chinaka ndadya chiyambire ubwana wanga, pa msika wa Bolero ndagula kosawerengeka, koma duwa lake ndinali ndisanalionepo. Kodi ananena zoona?

Mayi a Taonga (Chipata):
Chinaka, chimene kuno timati chikanda, chili ndi duwa lotere? Ine ndimaphika ndi kugulitsa chaka chino chachisanu ndi chinayi. Zimabwera kwa ine m'thumba, timbatata tokhatokha todetsedwa ndi dothi lakuda. Duwa sindinalionepo.

Nasibeko (Dedza):
Ananena zoona mlondayo. Kwathu ku Bembeke timati chikande. Ndili kamtsikana ndinkatsagana ndi agogo kudambo, ndipo maluwa otere ndimawadziwa. Koma agogo sankakumba duwa lili chilili. Ankadikira liume.

A Chisale (Zomba):
Mayi Nyagondwe, chithunzicho ndachikulitsa pa foni ndi kuchiyang'ana bwino. Limenelo ndi duwa la mtundu wa Disa, ndipo mwa maonekedwe ake ndi Disa erubescens. Ndagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri, ku Chikangawa ndi kuno ku Zomba, ndipo duwa limeneli ndakumana nalo kawirikawiri m'udzu wa m'mapiri nthawi ya dzinja. Lili m'banja la maluwa otchedwa orchid. Ambiri akamva dzinali amaganiza za maluwa a m'miphika ogulitsidwa m'mashopu a ku Lilongwe, kapena aja omera pa nthambi za mitengo m'nkhalango za ku Mulanje. Koma alipo ambiri omera pansi, m'dothi, ndipo chinaka chimachokera kwa amenewo.

Chizindikiro cha Disa ndi kachipewa kamene mwatchulako, kokhala ndi kamchira kamodzi. Mukapeza duwa lofanana nalo koma timichira tili tiwiri, umenewo ndi mtundu wina wotchedwa Satyrium. Awiriwa amakonda malo amodzi ndipo okumba amawaponya m'thumba limodzi, pamodzi ndi Habenaria ndi Brachycorythis. Ndiye chinaka si chomera chimodzi ayi. Ndi dzina la ndiwo, ndipo m'poto mmodzi mutha kukhala mitundu ingapo.

Kondwani (Cape Town):
Madala, mwati Disa? Kunotu dzina limenelo lili paliponse. Duwa lofiira limene lili pa malaya a timu ya rugby ya Western Province ndi disa. Bwana amene ndimamusamalira dimba amakwera Table Mountain chaka chilichonse mu Febuluwale kukangoliona, ndipo chaka chatha ananditenga. Limamera m'mbali mwa timitsinje pamwamba pa phiri, m'makhwawa momwe madzi sauma, mizu ili m'ndere zonyowa. Duwa limodzi kukula ngati chikhatho cha mwana. Munthu ukathyola amakumanga. Ndiye mukundiuza kuti ndi chinaka chomwe ndinkagula pa depoti ya Mzuzu?

A Chisale (Zomba):
Ndi pachibale, a Kondwani, mtundu umodzi koma ana osiyana. Lanulo ndi Disa uniflora, ndipo ndi limene linayamba kupatsidwa dzinali. Anatcha ndi katswiri wa zomera wa ku Sweden, Peter Jonas Bergius, m'chaka cha 1767. Mitundu ya Disa ilipo yoposa 170 ndipo yambiri ili kumeneko ku Cape. Kuchoka uko imatsata mapiri kubwera kumpoto: Drakensberg, Chimanimani ndi Nyanga ku Zimbabwe, Mulanje, Zomba, Dedza, Viphya, Nyika, mapiri a kummwera kwa Tanzania, mpaka ku Ethiopia. Ina inawoloka nyanja kukafika ku Madagascar. Mukaona mndandandawu muona kuti ndi malo ozizira, amvula yambiri ndi nkhungu. Ku Nsanje kapena ku Chikwawa, m'chigwa motentha muja, musavutike kufunafuna.

Mphatso (Lilongwe):
Ndiwonjezereko pang'ono, ine ndikuphunzira za zomera. Disa uniflora amaibereketsa ndi gulugufe wa mtundu umodzi wokha, amene kumeneko amamutcha mountain pride. Gulugufeyu amakopeka ndi chinthu chofiira, moti amatha kutera ngakhale pa chipewa chofiira cha munthu. Akamamwa timadzi totsekemera ta m'kamchira kaja amanyamula mungu n'kukausiya pa duwa lina. Ndiye pali Disa ina komweko, Disa ferruginea, yomwe ilibe timadzi ngakhale pang'ono. Imangofanana ndi duwa lina lofiira lokhala ndi timadzi, gulugufe n'kupusitsika. Aphunzitsi athu amakonda chitsanzo chimenechi.

Kondwani (Cape Town):
Gulugufe ameneyo ndinamuona, wamkulu, wakhofi, wa timaso m'mapiko. Sindinadziwe kuti ali pa ntchito.

Mayi a Taonga (Chipata):
Zonsezo ndamva, koma ine funso langa ndi la m'thumba. N'chifukwa chiyani chikanda chadula chonchi? Kale amayi a ku Lundazi ndi a ku Vubwi ankabwera nacho okha pakhomo. Manje ndimachita kuitanitsa kwa munthu wa ku Nakonde, kumalire a Zambia ndi Tanzania, ndipo chikafika theka ndi timbatata ting'onoting'ono, tina tamadzimadzi tosagwira. Ukaphika chimaphwanyika ngati chigumu chosapsa. Makasitomala amadandaula.

Nasibeko (Dedza):
Asisi, chatha m'madambo. Ndikuuzeni za kwathu. Dambo limene ndinkapita ndi agogo linali lalikulu, udzu wofika m'chiuno, pansi pofewa moti ukaponda madzi akuda ankatuluka pakati pa zala. Mvula ikagwa bwino, kuyambira Khirisimasi mpaka Malichi, munkakhala maluwa oyera okhala ngati ngala, ena apinki, ena achikasu. Agogo ankaika chizindikiro, kumanga mfundo pa udzu woyandikana nawo, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Ankapitanso mvula itatha, cha mu Epulo kapena Meyi, phesi litauma. Akakumba ankapeza timbatata tiwiri, kena kofota kena kolimba. Ankatenga kolimbako pa zomera zina, zina n'kuzidumpha dala, ndipo dzenje ankakwirira ndi chidendene. Ine ndinkaona ngati ulesi kusiya ndiwo pansi. Ankati, "Ukamaliza lero, mawa udzadya dothi?"

Lero dambo lonselo ndi madimba. Anakumba ngalande kuti madzi atsike, n'kubzala mbatatesi, kabichi ndi tomato. Sindikunyoza, inenso dimba langa lili pomwepo, ndipo ana anga aphunzira ndi ndalama ya mbatatesi. Koma chikande mulibenso ngakhale chimodzi. Sichinathe ndi kukumba kwa agogo. Chinatha ndi ngalande.

A Chisale (Zomba):
Mayi Nasibeko mwafika pa mutu weniweni. Timbatata tiwiri timene agogo ankapeza tija ndiwo moyo wonse wa chomerachi. Kofota ndi kachaka chatha, kamene kadyetsa masamba ndi duwa la chaka chino mpaka kutheratu. Kolimba ndi katsopano, nkhokwe ya chaka chamawa. Chomera chimagona m'kambatata kameneko chilimwe chonse, pamwamba osaoneka kanthu, mvula ikagwa n'kuphukanso. Mukachotsa kolimbako mwapha chomera, chifukwa kofotako kalibenso mphamvu. Si ngati chinangwa choti mudula phesi n'kubzala, kapena mbatata yoti kholowa mukazika amagwira.

Chimene chinkapulumutsa dambo la agogo anu ndi kudikira kuja. Pofika Meyi duwa linali litabereka kale n'kumwaza njere. Wokumba mu Januwale, duwa lili pachimake chifukwa ndi pamene limaoneka patali, amapha mayi ndi ana omwe.

Nyagondwe (Rumphi):
Adada, njere zake zimakhala zotani? Ngati zilipo, bwanji osangotola n'kufesa pa nazale monga timachitira ndi fodya? Njere ya fodya nayonso ndi yaing'ono koma timaikwanitsa.

Mphatso (Lilongwe):
Amayi, njere ya fodya ndi chimphona poyerekeza ndi iyi. Ya orchid ili ngati fumbi, kachibalobalo kamodzi kamakhala ndi njere zikwizikwi ndipo zimauluka ndi mphepo. Vuto lake ndi lakuti ilibe kamba. Njere ya chimanga kapena nyemba imabadwa ndi chakudya chake m'kati, choyambira moyo. Iyi ilibe. Kuti imere, pamafunika ikumane m'dothi ndi tiulusi ta bowa wa mtundu woyenera, tilowe m'kati mwake n'kumaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba. Bowa ameneyo si uja timazula wa utale kapena manyame, ndi wosaoneka ndi maso, amakhala m'dothi la dambo kapena la m'phiri lomwe silinatembenuzidwe. Mukalima, mukathira feteleza, mukaumitsa dambo, iyenso amapita. N'chifukwa chake pa njere zikwizikwi zija zimene zimakula ndi zowerengeka, ndipo zimatenga zaka zingapo kuti zifike potulutsa duwa.

Ku Zambia anayesapo kumeretsa m'mabotolo. Kuyambira 2016 panali ntchito ya akatswiri a zomera a ku Kew ku Britain mogwirizana ndi Copperbelt University, yofesa njere za chikanda mu labu pa chakudya chokonzedwa mwapadera. Kumera zimamera. Koma kuchoka m'botolo kufika poti mayi wa kumudzi akolole thumba pamunda pake, ulendo wake ndi wautali.

Bambo Jere (Mzimba):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule. Nkhani zoterezi zimathera pa kuloza chala munthu wosauka. Amene amakumba chinaka kwathu kuno ku Viphya ndi amayi amasiye ndi ana. Nthawi imene amakumba ndi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee. Mukawauza kuti adikire Meyi, mwezi wa Meyi chimanga chacha kale, ndalama ya chinaka sakuifunanso ngati mmene ankaifunira. Komanso akadikira, mnzawo wa mudzi wina akumba mawa lomwe. Inu ophunzira muli pa malipiro, kunena kuti "siyani" n'kosavuta.

Ndipo funso langa kwa a Chisale ndi ili: udzu wa ku Chikangawa umene munali maluwa amenewa anaupha ndani? Si amayi a makasu. Ndi mapaini.

A Chisale (Zomba):
A Jere, simunaname, ndipo ine sindithawa. Mapaini a ku Viphya anabzalidwa pa mahekitala oposa 50,000, ndipo malo ambiri amene anabzalapo anali udzu wa m'phiri. Pa Zomba pano n'chimodzimodzi. Nthawi imeneyo ankaona udzu ngati malo ogona, opanda ntchito, oyenera mitengo. Ife amene tinalowa ntchito pambuyo pake tinaphunzitsidwa zomwezo. Pansi pa paini pamakhala mthunzi ndi masamba ake ouma okhaokha, ndipo Disa amafuna dzuwa. Ndinkawapeza m'mphepete mwa misewu yotchinga moto ndi m'timadambo tomwe thirakitala inalephera kulowa, basi. Zinandipweteka nditazindikira, ndipo mpaka lero ndikamva anthu akuti tibzale mitengo paliponse ndimawafunsa kuti pamalopo panali chiyani kale. Udzu wa pa Nyika kapena pa Lichenya ku Mulanje si nkhalango yodulidwa. Ndi mudzi wa zomera zakezake, wakalekale.

Koma ndikanenso pang'ono. Amayi amasiye ankakumba kalekale ndipo chinaka sichinkatha, chifukwa chinali cha m'mbale ya pakhomo. Chasintha ndi msika. Pamene chikanda chinalowa m'tauni ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kugulitsidwa m'misewu, m'mabala, pa maukwati mpaka m'masitolo akuluakulu, madambo a ku Zambia anayamba kuperewera, ogula n'kuwoloka malire. Amayi anu a ku Viphya sakukumbiranso poto wawo. Akukumbira thumba la munthu wa galimoto amene amawapatsa zochepa.

Mphatso (Lilongwe):
Pali chiwerengero chodziwika pa zimenezi. Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi anafufuza ku mapiri a kummwera kwa Tanzania ndipo mu 2003 analemba kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkawoloka chaka chilichonse kupita ku Zambia, tambiri kudzera pa Tunduma ndi Nakonde. Anati mitundu yofika 85 inali pa chiopsezo. Kumbukirani kuti kambatata kamodzi ndi chomera chimodzi. Nkhani imeneyi inathandiza kuti boma la Tanzania lisandutse phiri la Kitulo kukhala paki mu 2005, makamaka chifukwa cha maluwa ake osati nyama. Anthu a kumeneko amalitcha Bustani ya Mungu, kutanthauza dimba la Mulungu. Kitulo ndi Nyika ndi mapiri apachibale, atalikirana pang'ono chabe kumpoto kwa nyanja, ndipo mitundu yambiri ya Disa ndi Satyrium imapezeka konsekonse.

Mayi a Taonga (Chipata):
Ndiye wolakwa ndine, wogula thumba?

Bambo Jere (Mzimba):
Ayi mayi, inunso mukusaka ya sopo. Ine ndikungokana zoti mlandu wonse ugwere wa khasu.

Nasibeko (Dedza):
Palibe akukuimbani mlandu asisi. Koma timbatata ting'onoting'ono mukudandaula nato tija tikukuuzani kanthu. Anthu akukumba zomera zosakhwima chifukwa zazikulu zatha. Ndipo tamadzimadzito ndi mitundu imene kale sinkadyedwa. Agogo ankasiyanitsa chachikazi ndi chachimuna. Chachikazi ndi cholimba, ukachidula chimanata pa mpeni, ndicho chimagwira. Chachimuna ankachisiya, amati n'chamadzi. Lero zonse zimalowa m'thumba kuti lidzaze.

Mayi a Taonga (Chipata):
Kwa ife chabwinocho timati myala. Chinacho mbwelenge, ena amangoti feki. Ndimasakaniza chifukwa myala yokha mtengo wake sungaukwanitse. Poti a Nyagondwe anaonetsa duwa, ine ndiuze amene sanaonepo kaphikidwe. Timbatata ndimatsuka katatu kanayi mpaka dothi lithe, n'kuduladula, kuyanika pa lichero, kenako kusinja mu mtondo. Pa moto ndimayamba ndi nsinjiro m'madzi, ndi mchere ndi tsabola, zikhale ngati phala. Ndiye ndimawaza ufa wa chikanda pang'onopang'ono uku ndikuvundula. Soda ndimathira pambuyo, amayi anga ankathira chidulo cha zitsononkho. Apa m'pamene mtundu umasintha kukhala wofiirira ngati nyama, ndipo mthiko umalemera moti mkono umawawa. Chikasiya kumata pa mthiko ndi pa chala, ndimasalaza pamwamba, kuvundikira, n'kuika makala amoto pa chivundikiro kuti chipse kumwamba. Chikazizira chimatuluka m'poto chathunthu, n'kumadula ndi mpeni. N'chifukwa chake kuno amati African polony.

Mphatso (Lilongwe):
Kunata kumene mayi Nasibeko anena kumachokera ku chinthu chotchedwa glucomannan chimene chili m'kambatata. Chikakumana ndi soda pa moto chimalimba ngati mphira. Ku Turkey amakumbanso ma orchid a pansi, amtundu wina, n'kupanga ufa wotchedwa salep wothira m'chakumwa ndi mu ayisikilimu. Nawonso akulira vuto lomweli la kutha kwa maluwa m'mapiri.

Kondwani (Cape Town):
Mwandikumbutsa kwathu mayi a Taonga. Kuno chimapezeka mwa apo ndi apo, amabwera nacho a mabasi. Koma ndifunse, kuwolotsa malire n'kololedwa?

A Chisale (Zomba):
Ma orchid onse ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, limene Malawi, Zambia, Tanzania ndi South Africa onse anasaina. Kuwolotsa timbatata malire kumafuna chilolezo. Kungoti pa chipata thumba la chinaka limaoneka ngati la mbatatesi zazing'ono, ndipo ambiri oyang'anira sadziwa kuti ndi duwa. M'kati mwa paki ngati Nyika kukumba chilichonse ndi mlandu.

Nyagondwe (Rumphi):
Mlonda uja anatiuzanso kuti amapeza maenje ambiri kumbali ya kumadzulo, kufupi ndi malire a Zambia, ndi misasa ya anthu ogona m'tchire masiku angapo akukumba. Anati nguluwe nazonso zimafukula, koma dzenje la nguluwe ndi la khasu amasiyanitsa. Chimene chinandikhudza ine ndi ana aja. Onse ndi a m'boma la Rumphi, phirili amaliona tsiku lililonse, koma mwa ana 46, amene anakwerapo kale anali atatu okha. Titafika pamwamba anangoti kukamwa yasa. Udzu wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, mbidzi ndi chilembwe zikudya, nkhungu ikubwera n'kupita, ndipo ukawerama pansi maluwa osawerengeka.

A Chisale (Zomba):
Munapita nthawi yabwino, Januwale ndi Febuluwale ndiye pachimake. Pa Nyika pokha pali mitundu ya orchid pafupifupi 200, pamene dziko lonse la Malawi lili ndi yoposa 400. Malo ambiri pamwambapo ndi okwera kuposa mamita 2,000, nsonga ya Nganda imapitirira 2,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choumitsa udzu. Mukadzapitanso muwauze ana ayang'ane mmene mtundu uliwonse umasankhira pokhala. Disa erubescens wanuyo ndi Disa robusta, wamtali wa kamchira koloza kumwamba, amakonda udzu wa pamtunda pomwe madzi sakhazikika. Disa ochrostachya ndi wachikasu, ngala yake yowonda ngati kandulo. Mukatsikira kudambo, poti nsapato zinyowe, mupeza Disa hircicornis, wofiirira mopita ku pepo, amene kamchira kake n'kopindika. Dzina lakelo m'Chilatini likutanthauza nyanga ya mbuzi. Pomwepo pamakhalanso Satyrium trinerve, woyera, amene ndikuganiza kuti ndi maluwa oyera a ngala amene mayi Nasibeko ankaona ku Bembeke. Masitepe makumi awiri okha kuchoka pamtunda kufika padambo, mitundu yasinthiratu.

Ndipo ena mwa maluwawa anatchedwa maina a kwathu konkuno. Kuli Disa zombica, wa phiri la Zomba. Kuli Disa nyikensis. Kuli Satyrium shirense, wa dera la Shire. Kulinso Satyrium buchananii, wotchedwa dzina la John Buchanan, Mskotishi uja anabwera ndi mishoni ya Blantyre ngati wosamalira dimba n'kudzakhazikika kuno ku Zomba, amene ankatumiza zomera zouma ku Ulaya.

Bambo Jere (Mzimba):
Nanga moto? Chaka chilichonse phiri limapsa. Umenewo suwapha?

A Chisale (Zomba):
Zimatengera nthawi. Moto wa chilimwe umadutsa pamwamba kambatata kali m'tulo pansi, sukakhudza. Umachotsa udzu wakale wowirira, ndipo pa lupsa mphukira zimapeza dzuwa. Udzu ukakhala zaka zambiri osapsa, zitsamba ndi zomera zina zimalowerera n'kuphimba maluwa. Ku Cape kuli mitundu ya Disa imene imatulutsa maluwa chaka chotsatira moto basi, a Kondwani afunse abwana awo. Woipa ndi moto wa mochedwa, wa mu Okutobala kapena Novembala mphukira zitayamba kutuluka, komanso moto wolowa m'dambo louma. Dothi lakuda la m'dambo ndi zomera zowola za zaka mazanamazana, likauma limayaka pansipansi masiku ambiri. Pamenepo timbatata timapsa, bowa uja amapsa, ndi kasupe yemwe amauma. Dambo lokumbidwa ngalande ndi limene limapsa chotero.

Nasibeko (Dedza):
Zoona. Chitsime cha kumunsi kwa dambo lathu chinkakhala ndi madzi chaka chonse. Tsopano pofika Seputembala timakatunga kutali.

Kumtunda kwa mudzi wa amayi anga kwatsala kadambo kamodzi kakang'ono, pafupi ndi manda. Sikanalimidwe chifukwa a mfumu akale analetsa, amati madzi a kumanda asasokonezedwe. Mwezi watha ndinadutsako ndipo oyera aja ndinawaona, mwina khumi ndi awiri. Ndinaima nthawi yaitali.

Bambo Jere (Mzimba):
Apo ndiye pali nzeru imene ndingaigwire. Mfumu ikanena kuti dambo ili lisakumbidwe mpaka mwezi wakuti, kapena chaka chino tikumba mbali iyi chaka chamawa mbali inayo, anthu amamva kuposa kumva munthu wa yunifolomu. Kunyanja ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula ndi mwambo, ndipo asodzi amalemekeza. Koma zimatheka chifukwa a mudzi wina nawonso amamvera lamulo lomwelo. Pa chinaka pafunika mafumu oyandikana amvane, apo ayi wodikira ndiye wogona ndi njala. Ndipo wa galimoto uja azilipira mtengo woti mayi akumbe theka la thumba n'kupeza yomwe ankapeza pa thumba lathunthu.

Mayi a Taonga (Chipata):
Akakweza iye, inenso ndikweza kagawo, ndipo kasitomala wanga ndi wa njinga ya kabaza. Koma ting'onoting'onoto ndikhoza kukana. Ndimuuza wa ku Nakonde kuti asanditumizirenso, chifukwa ngakhale pa malonda timandiwonongera. A Nyagondwe, ndaika chithunzi chanu pa foni, ndikaonetse amayi anzanga pa msika mawa. Sakhulupirira.

Kondwani (Cape Town):
Ndafunsa abwana za moto zija, avomera. Atinso pali Disa ina ya kuno, Disa bracteata, imene inakafika ku Australia n'kuchulukana mpaka akuiyesa udzu woipa, amachita kuizula. Kwina akuzula kutaya, kwathu ikusowa.

Mphatso (Lilongwe):
Imeneyo imadzibereketsa yokha, siidikira gulugufe, ndipo siisankha dothi. Athu a m'madambowa ndi osankha. Amayi Nasibeko, ngati mungalole, ndikufuna kubwera ku kadambo ka kumanda kaja mvula isanathe, ndidzajambule ndi kuwerenga zomera. Sindidzakumba kapena kuthyola. Tikadziwa mitundu imene ilipo ndi kuchuluka kwake chaka chino, chaka chamawa tidzakhala ndi poyerekezera.

Nasibeko (Dedza):
Bwera mwanawe, koma tiyambira kwa a mfumu, kumanda sikupitidwa mwachisawawa. Ubwere ndi majombo, ndipo ufike lisanathe sabata lachiwiri la Malichi, apo ayi upeza mapesi okhaokha. Ukatsike pa Bembeke turn-off, ndidzatuma mwana ndi njinga.

Nyagondwe (Rumphi):
Yewo nonse. A Chisale, ndikupempha mundilembere maina aja bwinobwino ku inbox, ndi chizindikiro cha kamchira kamodzi ndi timichira tiwiri. Lachinayi ndili ndi folomu 3 yomweyo. Ndagula kale kagawo ka chinaka, ndikakaika pa tebulo pambali pa chithunzichi.